Injini Inagona Pansi pa Benchi ya a Khutu

Mumsewu wa magalaja, kuseri kwa shopu ya matayala, munali makaniko amene dzina lake la pa chiphaso anthu analiiwala kalekale. Onse ankangoti a Khutu. Ukabwera ndi galimoto yodwala, iwo sankathamangira kutsegula boneti ngati amakaniko a masiku ano. Ankangoti, "Lizani," n'kupendeketsa mutu atatsinzina. Pakapita kamphindi n'kukuuza kuti pulagi yachitatu yatha, kapena kuti tcheni cha m'kati chakhwepa. Mukatsegula, n'kupezadi zomwezo. Zaka makumi atatu ndi zisanu akudyera khutu lomwelo, ana atatu anamaliza sukulu ndi khutu lomwelo, ndipo ukali wawo anthu ankaupirira chifukwa cha khutu lomwelo. Poti ukali ndiye anali nawo, tisanamizane. Ankakalipira kasitomala, kukalipira sipanala, ngakhale mvula ikadontha pa benchi inkamva zake.

Koma panali nkhani imene sankafuna kuti ngakhale ntchentche iidziwe. Khutulo linali likutha. Kugunda kwakukulu kwa injini ankakumvabe, koma timaphokoso tating'ono, tija timene timasiyanitsa katswiri ndi wongoyerekeza, tinathawa kamodzikamodzi. Zaka zitatu akubisa. Ankatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga n'kuika pa injini, chogwirira n'kuchikanikiza pa chibwano kuti kunjenjemera kuwafike m'mutu, ndipo makasitomala ankagwedeza mitu kuti eee, luso ndi limeneli. A Khutu ankaudziwa bwino msewu wawo. Tsiku loti anthu amve kuti agontha, adzaikidwa m'manda akupuma, ndipo magalimoto onse adzawolokera kwa a makompyuta.

Tsono nkhani ya injini ya pansi pa benchi inayamba chonchi. Apongozi awo anali dokotala wa mano, ndipo anali ndi galimoto yofiira ya mipando iwiri, denga la lona, yaifupi ngati yagwada, ya nthawi ija magalimoto ankapangidwa ndi zitsulo zenizeni. A Dokotala ankaikonda kuposa ana awo, zimenezi ana eni ake ndiwo amanena. A Khutu anayamba kuikonza ali wachinyamata, ndipo m'menemo ndi mmene anaonera mwana wamkazi wa a Dokotala akusuzumira pa windo. Ankasuzumira pa windo chifukwa pafupi ndi galimoto sankaloledwa. Akangoyandikira, bambo ake ankati, "Choka apo iwe, ukanda penti." Koma mlongo wake, wamng'ono kwa iye, anamukhazika pa chiwongolero miyendo isanafike n'komwe pa mabuleki. Mtsikana uja a Khutu anamukwatira, ndi mayi telala amene ali ndi kashopu kumapeto kwa msewu womwewo. Mlongo uja anakula n'kukalowa ntchito ya mu ofesi, ndipo a Khutu anamupatsa dzina loti a Tayi, poti munthuyo amavala tayi ngakhale Loweruka akutsuka galu.

A Dokotala atafa ziwalo mbali imodzi, makiyi anagwera a Tayi. Sipanathe mwezi, galimoto inapezeka ku galaja ina yaikulu ya mawindo agalasi, kumene amakaniko amavala zoyera ngati anamwino. Kumeneko anazula injini yake n'kuikamo yatsopano yoyendera kompyuta. Osafunsa! Munthu amene anaisamala galimotoyo zaka zonsezo anamva nkhaniyi kwa wogulitsa matayala. Atathamangira kukafunsa, a Tayi anakonza tayi yawo n'kunena kuti, "Alamu, nthawi yanu inadutsa. Masiku ano galimoto amaiyeza ndi makina, osati kumvetsera ngati mukuombeza."

Mawu amenewo anawakhala a Khutu pakhosi ngati munga wa nsomba. Madzulo ake anapita kuseri kwa galaja yagalasi ija n'kupeza injini yakale itatayidwa pa mulu wa zitsulo, makabuleta ake awiri ali pamtunda, mvula ikulowamo. Anaikweza pa wilibala mothandizidwa ndi mlonda, tayala la wilibala n'kuphulika pakati pa njira, iwo n'kukankhabe chomwecho akutukwana msewu wonse. Anaiika pansi pa benchi, n'kuifunditsa katani yakale ya kuchipinda. Loweruka lililonse m'mawa ankachotsa mapulagi, kudonthezamo oyilo, n'kuipukusa ndi dzanja kuti isachite dzimbiri. Anachita zimenezi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo Loweruka lililonse a Tayi ankatchulidwa dzina, osati m'pemphero.

Injini yatsopano ija inali chikomekome cha mkuyu. Inayenda bwino zaka zingapo, kenako kabokosi ka kompyuta kanapsa, ndipo a zovala zoyera aja anangotambasula manja kuti mtundu umenewo anasiya kupanga. Galimoto inaima pabwalo, matayala n'kuphwa, mphaka n'kuberekeramo. A Dokotala nawo thupi linkapita likutsika. Tsiku lina anauza ana awo, ndi mbali imodzi ya kamwa imene inkagwirabe ntchito, kuti asanatsikire kuli chete akufuna amveko galimoto yawo ikulira, yawo yeniyeni, osati makina osokera amene anaikamo aja.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba m'mawa a Tayi anatulukira pa galaja ya a Khutu, akuponda mosamala kuopa oyilo.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Ndimati ndifunse, kodi injini ija mukadali nayo?"

"Iti?" anafunsa a Khutu, osadzuka n'komwe pansi pa lole imene ankakonza.

"Ya abambo ija."

"Ooo, ija munataya kudzala ija? Kaifunseni kompyuta, ikuuzani kumene ili."

Anawasiya ataima padzuwa mpaka thukuta linanyowetsa kolala. Koma kukana sakanakana. A Dokotala anali munthu amene anawakhulupirira ali mnyamata wopanda ngakhale jeke yakeyake. Ndiponso, tinene zoona, zaka khumi ndi ziwiri zonsezo ankadikira tsiku lomweli.

Galimoto itabwera chokokedwa, a Khutu anatsegula boneti n'kugwira m'chiuno. Kalanga ine! Anthu a zovala zoyera aja anadula zitsulo zokhazikapo injini ngati akudula nkhuni. Mawaya akale anawamwetula onse, n'kuboola mabowo paliponse pamene mtima wawo unafuna. A Khutu anakuwa mpaka wowotcherera wa galaja yoyandikana anabwera akuthamanga, akuyesa munthu wapsinjika. Anamulemba ntchito pomwepo. Anatha sabata yathunthu akupanga zokhazikira zatsopano, a Khutu akuyeza ndi katoni ndi choko, wowotcherera akuwotcherera, kenako a Khutu n'kumugumulitsa chifukwa chapendekeka ndi kachala kamodzi. Sabata yachiwiri inathera pa mawaya, mmodzimmodzi, kuchokera m'mutu, poti buku lake linasowa kalekale. Sabata yachitatu anatulutsa injini pansi pa benchi, kuikweza ndi tcheni, n'kuitsitsa pang'onopang'ono, mphuno pansi, mpaka inakumana ndi giyabokosi n'kukhala pamalo pake ngati sinachokepo. Atapotokola kiyi inakhosomola kawiri, kachitatu n'kudzuka. A Khutu anaimva m'mapazi, anaimva m'chifuwa, ndipo anatembenukira kukhoma kuti wowotcherera asaone nkhope yawo.

Panatsala chinthu chimodzi, chimene ankachiopa kuyambira tsiku loyamba. Injini imeneyi imamwa petulo kudzera m'makabuleta awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, ndipo onse ayenera kukoka mpweya mofanana. Lina likaposa linzake, galimoto imatsimphina. Amakaniko akale amachuna ndi kapayipi ka labala. Mbali ina amaika pakamwa pa kabuleta, ina kukhutu, n'kumvetsera kaphokoso ka mpweya ukulowa, kuno kenako uko, akupotokola sikulu mpaka awiriwo ayimbe mofanana. Pa ntchito imeneyi a Khutu analibe mnzawo, ndipo dzina lawo linachokera pomwepa.

Lachisanu masana anatseka chitseko cha galaja, n'kutenga kapayipi kawo kakale, n'kuika kukhutu lamanja. Zii. Anasinthira kumanzere. Zii. Anapukuta kapayipiko, kukauzira, kukayang'ana m'kati ngati muli kangaude. Munalibe kanthu. Anayesa njira ya sikuludilaiva pa chibwano, koma mpweya sunjenjemeretsa chitsulo. Basi anachuna mongoganizira, kuwerenga mapotokolo a sikulu ngati wophunzira wa chaka choyamba, mtima ukuwawa.

A Tayi anafika akuweruka ku ntchito kudzaona. Atangoponda mafuta, galimoto inaphulitsa kuti phaa! Utsi wakuda n'kudzaza galaja yonse.

"Kodi alamu, ndi mmene inkalirira kale?" anafunsa a Tayi akupukuta tayi ndi mpango. "Paja Lamulungu masana ndaitana anzanga ena kwa abambo. Onse ali ndi magalimoto akale a makabuleta awiriawiri, ndipo akusowa wowachunira. Ndawauza za khutu lanu. Musandichititse manyazi."

Musandichititse manyazi! Munthu wotaya injini kudzala! Sipanala imene inali m'manja mwa a Khutu inakagwera kutsidya kwa galaja a Tayi atangotuluka.

Loweruka masana mayi telala anabwera ndi fulasiki ya tiyi, tepi yoyezera idakali pakhosi. Anapeza amuna awo atawerama pa injini, kapayipi kali kukhutu, nkhope ili gwaa. Anaima pakhomo n'kuwaitana kawiri ndi mawu wamba. Palibe chinachitika. Kachitatu anamenya fulasiki pa benchi, a Khutu n'kudzidzimuka, n'kuzimitsa injini.

"Mukumva chiyani m'kapayipimo?" anafunsa mayiwo mokweza.

"Za ntchito yanga zisiyeni. Pitani mukasoke."

"Ndati mukumva chiyani? Palibe! Mukuyesa sindidziwa? Ketulo imalira inu muli pomwepo, mpaka madzi kuphwa. Wailesi mumatsegula mpaka mawindo kunjenjemera. Zaka zitatu ndikukuwa m'nyumba mwanga ngati ndikuitanira minibasi, anthu oyandikana nafe akuti mayi telala anasanduka wolongolola, akuzunza mwamuna. Ndasenza dzina limenelo kuti lanu lisagwe, inu n'kumandiuza kuti ndikasoke?"

A Khutu anachotsa kapayipi kukhutu. Anakwiya ndi mkaziyo chifukwa ankadziwa, anakwiya ndi makutu awo, ndipo koposa zonse anachita manyazi. Mayi telala sanadikire yankho. Analanda kapayipi, kukapukuta ndi nsonga ya epuloni, n'kuwerama pa galimoto imene moyo wawo wonse ankauzidwa kuti asaiyandikire.

"Lizani."

Analiza. Mayiwo anaika kapayipi kutsogolo, kenako kumbuyo.

"Lakumbuyoli likukuwa, lakutsogolo likunong'ona. Chepetsani lakumbuyo."

"Mukudziwapo chiyani inu za kabuleta?"

"Dzina lake sindilidziwa, koma kulira kwake ndikukudziwa. Ndinakulira pa windo ine. Abambo akakhota pakona paja ndinkadziwa ngati abwera okondwa kapena tibisale. Potokolani, musandichedwetse, ndasiya diresi la mwini wake pa makina."

Anapotokola. "Pang'ono. Pang'ononso. Iii, mwapyola! Manja ngati mukumanga tayala la thalakitala, bwererani." Anakangana masana onse. A Khutu ankapotokola akung'ung'udza, mayi telala akulamula ngati kapitawo. Makabuleta atafanana, mayiwo anapita kumbuyo kwa galimoto, kugwada pafupi ndi ekizozi, n'kunena kuti ikadali kutsimphina pang'ono, lakumbuyo likumwa mopyola. A Khutu anati kuyambira kale amaliika pomwepo. Mayiwo anati ndiye kuti kuyambira kale amalakwitsa. Anachepetsa petulo pang'ono chabe, mwaukali, kuti awaonetse kuti akunama. Pomwepo kunjenjemera kwa boneti kunatha. A Khutu anaika chikhatho pa injini n'kumva ikuyenda mosalala kuposa mmene inayendera m'manja mwawo zaka zonse zija. Tiyi anamwa atazizira.

Lamulungu masana anaiyendetsa okha kupita kwa apongozi, mayi telala atatsogola kale pa basi kukathandiza za alendo. A Dokotala anali pakhonde pa njinga yawo ya olumala, bulangete pa maondo. Anzake a a Tayi analipo asanu, a mimba zawo ndi magalasi adzuwa. Galimoto itakhota pakona, mkulu uja anadzutsa mutu. Italowa pabwalo n'kuima ikulirabe, misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope yake. Anakodola a Khutu ndi dzanja lamoyo lija, iwo n'kuwerama pafupi kwambiri kuti aone milomo.

"Lero ndiye wamva," anatero a Dokotala movutikira. "Zaka zonse ndinkakuuza kuti lakumbuyo likumwa mopyola. Lero wamva."

Alendo aja anazungulira galimoto, mafoni ali m'manja, aliyense akufuna nambala ya a Khutu ndi tsiku loti abweretse yake. A Tayi anali pakati, mawu ali pamwamba kuti aliyense amve, moti ngakhale a Khutu anamva. "Ndinakuuzani ine! Khutu la alamu angawa silipezeka kwina. Ndi ine ndinaganiza zoti tibwezeretse injini yakale, zinthu zakale ndi zolimba." A Khutu anakukuta mano, koma anangoti zisiye. Ntchito ya chaka chathunthu inali itaima pamaso pawo, ndipo chofunika chinali kungotseka pakamwa.

Nthawi yomweyo mayi telala anatuluka ndi thireyi ya matambula, poti mlongo wawo anawatuma madzi a alendo. Podutsa pa galimoto anaima pang'ono, mutu utapendekeka, akumvetsera ntchito yawo. Anatambasula dzanja limodzi kuti akhudze boneti. A Khutu anali akuyang'anabe milomo ya apongozi awo, ndipo anaona mawu akutuluka, omwe aja a zaka makumi anayi zapitazo.

"Choka apo iwe, ukanda penti."

Mayi telala, munthu wa imvi zake, wa zidzukulu zake, anabweza dzanja ngati wagwira moto.

Apa ndiye a Khutu chinawakwera. Anazimitsa injini n'kuzula kiyi.

"Akande penti? Ameneyu? Bambo, ndimakulemekezani, koma lero mundimva. Ine sindinamve kanthu! Ndinagontha ine, chaka chachitatu chino. Kapayipi ndikaika kukhutu ndimangomva mutu wanga. Galimoto yanuyi wachuna ndi mwana wanu uyu, amene munamusiya pa windo moyo wake wonse. Cholakwika chimene ine ndinachilephera ndili ndi makutu awiri, iye wachipeza masana amodzi." Anatembenukira kwa a Tayi. "Ndipo inu alamu, musadzanenenso kuti munaganiza. Inu munataya injiniyi kudzala, mvula ikulowamo. Makiyi anakupatsani chifukwa chovala buluku basi. Matambulawo nyamulani nokha!"

Ankakuwa kuposa mmene ankadziwira, poti wogontha sayeza mawu ake, ndipo anthu a nyumba zoyandikana anasuzumira pa mpanda. Analanda thireyi m'manja mwa akazi awo n'kuwagwiritsa a Tayi pachifuwa, madzi n'kutayikira pa tayi. Kiyi anaiika m'dzanja la mayi telala. Alendo aja mafoni anabwerera m'matumba mmodzimmodzi. A Dokotala anayang'ana mwana wawo wamkazi.

"Iwe?"

"Ine, bambo."

Mkuluyo sanapepese, si anthu opepesa amenewo. Anangoti, "Ilize." Mayi telala anakhala pampando wa dalaivala koyamba chibadwire, n'kupotokola kiyi. Pobwerera kunyumba anawakalipira amuna awo njira yonse kuti ataya ntchito chifukwa cha kamwa, ndipo a Khutu anamva theka lokha.

Lolemba nkhani inafika mumsewu wa magalaja iwo asanafike. Wogulitsa matayala anawapatsa moni mokuwa, akuchita ndi manja ngati akuimitsa ndege. Wowotcherera anawayang'ana ndi chisoni, chimene chinawapweteka kuposa chipongwe. Mwini wa lole ija ankakonza anatumiza dalaivala kudzaitenga isanathe, akuti apeza wina. M'mawa wonse a Khutu anakhala pa benchi, pansi pake pali mpata pamene panali injini, akupukuta masipanala oyera kale. Dzina la zaka makumi atatu ndi zisanu linatha ndi masana amodzi, ndipo analipha okha ndi pakamwa pawo.

Dzuwa litapendeka anamva pansi pakunjenjemera. Pakhomo panaima galimoto yobiriwira, yaifupi, yakale, ikutsimphina ndi kutulutsa utsi wakuda. Anatulukamo mmodzi wa a magalasi adzuwa aja. A Khutu anaimirira, n'kupendeketsa mutu mwachizolowezi, pakamwa patakonzeka kunena kuti, "Lizani." Mlendoyo anayang'ana m'galaja monse, kuseri kwa a Khutu, ngati wataya chinthu. Kenako anawayandikira n'kukuwa.

"Amayi aja alipo?"

A Khutu anamuyang'ana munthuyo kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi. Mawu amene anabwera kukamwa kwawo sitingawalembe pano. Anawameza, n'kutenga kapayipi pa msomali.

"Dikirani pomwepo, ndipo musagwire kanthu," anatero, n'kuuyamba wa kumapeto kwa msewu, ku shopu ya telala.